Pepala limene Efelo anabwera nalo

Kalata yochokera ku sukulu ya unamwino ku Mangalande inatha masiku atatu m'thumba la ovolosi ya Bambo Lawford Zikhale. Chingerezi sankachidziwa, ndipo ankaopa kupempha bwana wawo kuti awawerengere. Iwo ankasamalira maluwa kwa mzungu wina ku Area 10, mmodzi mwa omanga maofesi a likulu latsopano. Bwanayo ndiye anapezera mwana wawo Efelo malo a sukulu, n'kukonza zoti azikakhala kwa mlongo wake wa bwanayo kumeneko.

Loweruka Bambo Zikhale anapita nayo kalatayo kwa Mayi Chikaonda, namwino wa ku Old Town yemwe naye anaphunzira kunja. Anawaperekeza mlongo wawo Naphiri, wogulitsa ufa mumsika.

"Akuti Efelo sakufika kuwodi m'mawa, ndipo m'kalasi akumasinza," anatero Mayi Chikaonda. "Zikapitirira amuchotsa. Kodi pakhomo akukhalapo amagwira ntchito zanji?"

"Zonse!" anayankha Naphiri monyadira. "Ndinamulanga ndine. Ndinati kwa eni sudikira kutumidwa, ndipo wamkulu sakanidwa. M'makalata akuti amachapa, amasita, amaperekeza ana atatu kusukulu. Mpaka eni nyumba anauza wantchito wawo kuti asamabwerenso."

"Ndiye mukusangalala, amayi?" anafunsa Mayi Chikaonda. "Kumeneko wamkulu akakupempha ntchito, kumuuza kuti uli ndi kalasi si mwano. Iye akungovomera, iwo akungowonjezera. Abambo, mulembereni lero. Akafotokozere aphunzitsi ake, amupezere malo kogona anamwino anzake."

"Aa! Anthu akumudyetsa, ndiye aziti tinabala mwana waulesi?" anatero Naphiri.

Bambo Zikhale anakanda m'mutu. "Ndiyambe ndalankhula ndi abwana."

Sanalankhule. M'mawa uliwonse bwanayo ankatsitsa galasi la galimoto n'kunena kuti mlongo wake akumuyamikira kwambiri Efelo. Iwo ankavula chipewa n'kuthokoza. Za kalatayo sankazitchula, poti munthu amene wakuchitira chifundo umamuyamba pati? Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu. Inatha miyezi isanu maluwa akuthiriridwa bwinobwino, kalata osalembedwa.

Efelo anabwerako nthawi ya dzinja, atawonda, manja atachita ming'alu ndi sopo. Mumzinda zipatala zinkasaka anamwino usana ndi usiku chifukwa cha anthu osamuka kuchokera ku Zomba, koma iye analibe satifiketi. Anali ndi envulopu imodzi yochokera kwa mayi ankamusunga uja.

Bambo ake anathamangira nayo kwa Mayi Chikaonda, Efelo ali pambuyo, mumtima akuti mwina muli mwayi wobwereranso. Namwinoyo anawerenga n'kuwamasulira.

"Akuti ndi mtsikana waulemu, wodziwa kusita, ndipo aliyense wofuna wantchito wapakhomo asazengereze kumulemba."

Efelo anayang'ana pansi. "Ababa, ndinkatopa mpaka kulira. Ndinkangodikira wina wakwathu andiuze kuti kukana kulibe mlandu."

Zinawawa kwambiri Lolemba, bwana ataimitsa galimoto pageti. Anapepesa za sukuluyo mwachidule, kenaka anati mkazi wake akufuna wochapa, ndipo Efelo akhoza kuyamba mawa lomwe.

Bambo Zikhale anavula chipewa. "Zikomo, bwana."

Phunziro: Ulemu ndi wabwino, koma mwana wopita kukaphunzira kwa eni tizimuphunzitsanso kunena pamene ntchito yamuchulukira. Ndipo kholo likachenjezedwa lilankhule tsiku lomwelo, ngakhale kwa amene analichitira chifundo.