Kabowo ka Kumbuyo kwa Boti

Boti litakhudza madzi, anthu amene analitsatira kuchokera ku Bangwe anaomba m'manja. Laurenti anakweza mkono ngati phungu wopambana kumene, koma anali ndi mantha. Linali Lamulungu masana, Misa itatha, pa damu la esiteti ina kuseri kwa phiri, ndipo mlonda anali atawalola kulowa atamva kuti akungoyesa injini.

Botilo Laurenti anachita kupatsidwa. Mzungu amene iye ankamuyendetsa pa galimoto, pobwerera kwawo kampani itatsekedwa, anagawira antchito ake katundu. Wophika anatenga firiji, wa m'maluwa anatenga njinga, ndipo Laurenti, poti anali wa ku Nsanje, anamulozera boti la injini limene linkakhala kuseri kwa galaja. Mzunguyo anati anthu a ku Shire amadziwa madzi. Laurenti anathokoza kwambiri. Sananene kuti ku Nsanjeko anachokako ali kumsana kwa mayi ake, ndiponso kuti madzi akuya amene anawapondapo anali a m'ngalande za mu Limbe.

Botilo linakhala pa ngolo yake chaka chathunthu pabwalo la a Ambrosi, eni nyumba imene Laurenti ndi mkazi wake Lusiya ankachita lendi. Nkhuku zinkaikiramo mazira. Amayi a pa polotipo anasowa poyanika zovala. A Ambrosi akadandaula, Laurenti ankayankha kuti ino ndi nthawi ya matipate, munthu ali ndi ufulu wokhala ndi boti. A Ambrosi ankati demokalase imathera pa geti pawo. Kenaka anapereka chigamulo: mwezi ukamatha pachoke chimodzi, boti kapena banja lonse.

Apa m'pamene Lusiya anatumiza uthenga kwa mchimwene wake Jonas ku Nsanje. Jonas ankayendetsa maboti a bungwe lina lothandiza othawa nkhondo a ku Mozambique, koma anthuwo atabwerera kwawo ntchito inatha, ndipo ankalakalaka boti loolotsera anthu pa Shire. Anabwera ndi lole ya mnzake, anamasula injini, anaitsuka, anaimanganso. Koma anakana kuvutika nalo m'makona a msewu wa ku Chikwawa asanalione likuyandama.

"Silidontha ili, alamu," Laurenti anamutsimikizira. "Mvula yonse ya chaka chino yagwera m'menemu, koma simungapezemo ngakhale dontho."

Pa damupo, Jonas atatanganidwa ndi paipi ya petulo, anafunsa osacheuka ngati mlamu wake watseka kumbuyo. Laurenti anali atangotseka kumene chitseko cha kumbuyo kwa lole. Anayankha kuti watseka bwinobwino.

Anakwera anthu anayi. A Ambrosi anadziitana okha, ali mu suti yawo ya ku tchalitchi, ponena kuti chinthu chimene chawadyera bwalo chaka chonse chiyenera kuwanyamulako. Lusiya anakwera akukukuta chimanga chootcha chimene anagula panjira. Jonas anakoka chingwe kangapo, injini inatsokomola, inalavula utsi, kenaka inabangula. Boti linadzutsa mphuno nkuyamba kung'amba madzi. Mphepo inamumenya Laurenti kumaso, ndipo kwa kanthawi anaiwala mantha. Anayang'ana a Ambrosi kuti aone ngati akuona.

Atafika pakati pa damu, Jonas anapotoza chiwongolero kumanzere kuti akhote. Boti linakhota bwino. Pofuna kuchibweza, chiwongolero chinakana. Waya wake anali atachita dzimbiri, ndipo anaumira pomwepo. Jonas anachepetsa moto kuti aone vutolo, boti linakhala pansi pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa, iye nkugwada kusuzumira pansi pa chiwongolero.

Amene anayamba kuyankhula anali a Ambrosi. Anafunsa mwaulemu ngati ndi mwambo wa m'boti kuti sokosi zizinyowa. Laurenti anati ndi madzi ongothovukira. Atayang'ana pansi anaona madzi akutuluka m'mipata ya matabwa opondapo, atanyamula nthenga za nkhuku ndi makoko a mazira.

Aliyense anali ndi maganizo ake. A Ambrosi anati botilo ndi long'aluka pansi, mzungu sangapereke chinthu chabwino kwaulere. Laurenti anati mwina injini ndiyo ikulavulira madzi mkati. Jonas anaviika dzanja, napeza kuti madziwo ndi ozizira, pamene ochokera mu injini akanakhala ofunda. Lusiya anayendetsa nsonga ya chitenje m'mbali monse mwa boti ndipo inabwerako youma. Anazula thabwa limodzi la kutsogolo, pansi pake panalibe mng'alu. Koma madzi anali atafika mu akakolo, ndipo nthenga zonse zinkayenda kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo.

"Tiyeni kumtunda, achimwene," anatero Lusiya.

Jonas anaonjezera moto. Boti linalemera kudzuka, koma linadzuka, nkuyamba kuthamanga. Kumtunda silinapite. Linazungulira kumanzere, linadutsa patali ndi anthu aja, linabwerera pomwe linachokera, nkuyambanso ulendo womwewo. Anthu a kumtunda anakuwa mokondwa. Ena anavula malaya nkumawakupiza. Iwo ankaona ngati Laurenti akuonetsa luso.

Akuzungulira choncho, Lusiya anaona chinthu chachilendo. Madzi aja anayamba kuchepa. Nthenga zinatembenuka nkumathamangira kumbuyo, pansi pa mpando womaliza. Anauza mchimwene wake, ndipo Jonas anachepetsanso moto kuti atsimikize. Madzi anabwerera. Anaonjezera, madzi anachoka. Jonas anatembenuka kuyang'ana mlamu wake nthawi yaitali.

"Alamu, paja munati kumbuyo mwatseka. Munatseka ndi chiyani?"

"Ndi chitsulo chake chija, chokolowekera."

"Chitsulo chiti?"

"Cha lole."

Jonas anapukusa mutu. Anafotokoza mokweza mawu, chifukwa cha phokoso la injini, kuti boti lililonse lotere lili ndi kabowo kumbuyo, pansi penipeni, kotulutsira madzi likakhala pamtunda. Polowa m'madzi kabowoko amakatseka ndi chotsekera chake. Likamathamanga madzi amakokedwa kutuluka, likaima amalowa. Laurenti anati chotsekera chotero sanachionepo chilandirireni botilo.

"Ndiye mvula yonse ija mumati imapita kuti, bambo a Chisa?" anafunsa Lusiya, ndipo sanadikire yankho.

Tsopano vuto linadziwika, koma linali lisanathe. Akaima amira, akathamanga angozungulira, ndipo chigubu cha petulo Jonas atachigwedeza chinamveka kupepuka. A Ambrosi anatulutsa kolona m'thumba nkuyamba kupemphera, koma pa chizungulire chilichonse, podutsa moyang'anana ndi anthu, ankakweza dzanja kuwabayibitsa. Anati sibwino anthu adziwe, angadzetse chipwirikiti.

Jonas sakanachoka pa moto wa injini, Lusiya anali atayamba kukapa madzi ndi chitini chimene nkhuku zinkamwera, ndipo a Ambrosi mimba yawo sikanalowa pansi pa mpando. Laurenti anavula jekete, anagona chafufumimba m'madzi onunkha zitosi, nalowetsa mkono pansi pa mpando wa kumbuyo. Anapapasa matope, nthenga, msomali wakale, mpaka chala chake chinakokedwa ndi kabowo kozungulira bwinobwino. Anachisiya momwemo nkunena kuti wakapeza.

Jonas anati chala sichingakhalemo mpaka ku Nsanje, pafunika chinthu cholowa mothina. Anayesa mpango wa Laurenti, madzi anaumeza nkupita nawo. Anayesa chotsekera botolo, chinachepa. Pamenepo Lusiya anayang'ana chimanga chake, chimene anali atachiika pa mpando chitatsala mizere yochepa. Anachikukuta msangamsanga, anathyola chitsononkho pakati, napatsa mwamuna wake mbali yosongoka. Chinalowa, koma madzi ankadutsabe m'mbali mwake. Panafunika nsalu yoterera yochikulungira, ndipo maso onse anapita pa khosi la a Ambrosi.

A Ambrosi anagwira tayi yawo ndi manja awiri. Anati tayiyo anavala pa ukwati wawo, ndiponso ndi imene anauza ana awo kuti adzawaveke tsiku lomaliza.

"Mukapanda kuvula, bambo, tsikulo ndi lero," anatero Lusiya.

Anavula. Laurenti anakulunga chitsononkho ndi tayi, anakutira ndi jumbo imene munali chimanga, anachipotokola m'kabowo mpaka chinakana kupitirira, kenaka anachikhoma ndi chidendene cha nsapato. Jonas anauza a Ambrosi kuti akakhale kutsogolo kwenikweni kuti kumbuyo kukwere. Anapita chokwawa, ndipo boti linaweramadi. Nthawi yomweyo injini inatsokomola nkuzima. Petulo anali atatha.

Panakhala bata loti ankamva ng'ombe zikulira kutsidya. Onse anayang'ana pansi. Madzi sanathamange ngati poyamba, koma ankalowabe pang'onopang'ono m'mbali mwa tayi, ndipo chitsononkho chinkafuna kubwerera mkati. Jonas anati wina achitsamire. Laurenti anagonanso chafufumimba, mutu pansi pa mpando, chikhatho chili pa chitsononkho. Kumeneko sankaona kanthu. Ankangomva madzi akugunda kunja kwa boti pafupi ndi khutu lake, ndipo anaganiza za mwana wawo Chisangalalo amene anamusiya kwa aneba, ndi za kuya kwa damu limene anthu ankati linameza thirakitala. Anamva Lusiya akudutsadutsa pamsana pake ndi chitini, akumugunda ndi bondo, akumukoka lamba, koma sanadandaule.

Jonas anapalasa ndi thabwa lija Lusiya anazula, a Ambrosi nawo anapalasa ndi lina, ngakhale kuti nthawi zambiri ankangomenya madzi. Lusiya ankakapa osapuma. Ulendo umene injini inayenda m'kuphethira kwa diso unawatengera nthawi yaitali mpaka mkono wa Laurenti unachita dzanzi. Atamva pansi pa boti pakukhula matope, anatseka maso nkupuma.

Anthu anawalandira ndi nthungululu. A Ambrosi anatsika oyamba, kolala ili pululu, nkuyamba kufotokozera aliyense m'mene anapulumutsira boti ndi tayi yawo. Jonas anazungulira botilo, analigogoda pansi ponse, anasuzumira kumbuyo kumene kansonga ka tayi kankalendewera. Anati thupi lake ndi lolimba, injini ndi yamoyo, waya wa chiwongolero apeza wina mu Ndirande, ndipo chotsekera asema cha mtengo nkuchiveka labala wa chubu mpaka atapeza chenicheni. Alitenga. Lisabwererenso ku Bangwe, likwere lole pompano.

Laurenti anadzuka movutikira. Anakweza mwendo kuti atsike, ndipo kumbuyo kwake kunalira kuti phophopho. Anthu anayamba kuseka. Atacheuka anapeza chigubu chopanda kanthu cha petulo chitamangiriridwa ku lamba wake ndi mpango wa kumutu wa Lusiya, mfundo yake yolimba ngati yomangira mbuzi. Anayang'ana mkazi wake. Lusiya anali mutu pambalambanda, akufinya chitenje.

"Ichi n'chiyani, mayi a Chisa?"

"Chimayandama," anayankha motsitsa mawu kuti ena asamve. "Mukanamira ndikanadziwa pokugwirani."

Laurenti sanamuuzepo mkazi wake kuti sadziwa kusambira, ndipo Lusiya sanamufunsepo. Anaima m'matopemo, madzi akuchucha m'buluku, anthu akusekabe. Wina anafunsa ngati imeneyo ndi yunifomu ya oyendetsa maboti. Laurenti anayesa kumasula mfundo ija, koma zala zinali zisanabwerere mwakale, ndipo Lusiya anachita kubwera kudzamumasula yekha.

Atakweza boti pa lole, Jonas anamuitana mlamu wake kuti adzabwere ku Nsanje pa ulendo woyamba woolotsa anthu, adzakhale kutsogolo monga mwini boti. Laurenti anati aona m'mene ntchito ikhalire. Lole inanyamuka, a Ambrosi atakhala kutsogolo ndi dalaivala kuti awatsitse pa msewu waukulu.

Laurenti ndi Lusiya anabwerera wapansi, podutsa m'minda. Nsapato zinkamulira Laurenti pa phazi lililonse, choncho anazivula nkuzinyamula m'manja. Atayenda kanthawi anafunsa ngati ku Nsanjeko kuli poima munthu pouma nkumaliona boti likudutsa. Lusiya anati malo otero alipo ambiri, ndipo adzamusankhira pa mthunzi.