Akhristu Oyamba Pabalaza pa Mzime

Zonsezi zinayamba ndi ulaliki umodzi. Mkulu wa mpingo, amene anthu ankawatcha a Ndime chifukwa sankatha kukupatsa moni osaphatikizapo vesi, anaima kutsogolo n'kunena kuti mpingo wazirala. Akhristu oyamba, iwo anatero, sankadikira Lamulungu. Ankasonkhana m'nyumba zawo, ankadyera limodzi, ndipo pakati pawo panalibe wosowa kanthu. Anthu anawomba m'manja, ndipo pofika Lachitatu gulu la anthu khumi ndi awiri linali litapangidwa kale, loti liziyenda nyumba ndi nyumba.

Nyumba ndi nyumba! Bodza lenileni. Kwa a Ndime akuti kunali kupenta. Kwa a Mlembi kunali galu wolusa. Kwa Amake Mapasa, chabwino, kunalidi mapasa. Nyumba ya Mzime ndiyo inali pafupi ndi siteji ya basi, pabalaza pake potakata bwino, choncho mpingo woyamba unangokhazikika pa sofa wake Lachitatu ndi Loweruka lililonse, miyezi itatu yathunthu.

Mzime anali mayi wa zaka makumi anayi, koma dzina limene bambo ake ankamuitanira ali mwana linamukanirira. Ankagwira ntchito yochapa ndi kusita nsalu pa hotela ina. Bambo akewo, a Telala, anali gone kuchipinda chaka chachiwiri, mbali yakumanja itafa ndi sitiroko. Ankafunika kuwatembenuza maola awiri aliwonse, kuwamwetsa ndi supuni, kuwasintha thewera. Mzime akapita kuntchito ankawasiyira mayi woyandikana naye nyumba, koma mwezi wathawo mayiyo anapita kukakhala ndi mwana wake amene anali atangobereka, ndipo sananene tsiku lobwerera.

Chichokereni mayiyo, Mzime anali atajomba katatu. Kapitawo wa kochapira sanazungulire.

"Loweruka kuli ukwati, nsalu za patebulo zokha mazana awiri. Mukapanda kufika 12 koloko, Lolemba musavutike n'kukwera basi."

Musaganize kuti Mzime anabisa vuto lake. Analiuza gululo katatu konse. Ulendo woyamba anamupempherera, a Ndime atamusanjika dzanja pamutu mpaka duku linavuka. Ulendo wachiwiri anagwirizana kuti nkhani yotere njofunika komiti, a Mlembi n'kuilemba m'buku ndi cholembera chofiira. Ulendo wachitatu nkhaniyo inali pa nambala seveni, koma nthawi inathera pa nambala folo, pomwe ankatsutsana ngati Akhristu oyamba ankanyema buledi ndi manja kapena ankadula ndi mpeni. A manja anapambana. Bulediyo anali wa Mzime, nyenyeswa zake ankasesanso ndi Mzime yemweyo.

Kunena zoona, a Telala ankawazonda ndithu. Pomaliza msonkhano ankaunjikana pakhomo la kuchipinda, palibe woponda mkati, n'kuimba ndime imodzi ya nyimbo akupumira mkamwa. "Mulimbe mtima, a Telala!" Kenako aliyense ankathamangira basi.

Loweruka linafika. Mzime anadzuka kusanache, n'kuwasambitsa bambo ake, kuwadzoza mafuta m'zigongono ndi m'zidendene, kuphika supu, kenako n'kukhala pansi kulemba pepala. Alendo anayamba kugogoda 10 koloko. Anawathirira tiyi, yunifolomu ataibisa m'kati mwa jekete.

Itakwana 11 koloko, a Ndime ali pakati pofotokoza mmene oyambawo ankagulitsira minda yawo kuti athandize anzawo, Mzime anaimirira n'kuika pepala lija patebulo, pambali pa shuga.

"Pepani, a Mkulu, ndikudulani pakamwa. Ine ndikupita kuntchito."

"Mlongo, sitinatseke ndi pemphero."

"Mutseka. Ababa muwatembenuze 12 koloko, 2 koloko, 4 koloko ndi 6 koloko. Pilo apite pakati pa mawondo. Supu ili pa sitovu, muziwamwetsa pang'onopang'ono atakhala tsonga, amatsamwa. Mathewera ali pansi pa bedi, beseni lili kubafa. Zonse ndalemba apo."

Anthu anayang'anana. A Mlembi anatsegula buku, n'kulitsekanso.

"Koma mlongo," anatero Amake Mapasa, "ifetu sitinaphunzire zimenezi."

"Inenso sindinaphunzire, mayi. Munda sindikukupemphani, ugulitseni tsiku lina. Ndikupempha maola asanu ndi atatu."

Anatuluka asanayankhidwe, chifukwa ankadziwa kuti akangoima mphindi imodzi adzamukhazika pansi n'kumupempherera mpaka basi itapita.

Anafika kutatsala mphindi zisanu. Kapitawo anayang'ana wotchi, n'kumulozera mulu wa nsalu. Mafoni kochapira saloledwa, ndiye yake anaitsekera m'kabati. Anaima pa makina ositira, nthunzi ikumuwawula kumaso, nsalu ikulowa yonyowa n'kutuluka yotentha. Ukali umene anachoka nawo kunyumba unatha pa nsalu ya makumi awiri, n'kutsala mantha okhaokha. Nanga akawamwetsa ali chigonere? Nanga akangoimba kanyimbo kawo kaja n'kukoka chitseko? Iye, mwana wawo, wasiya bambo ake m'manja mwa anthu amene satha ngakhale kutsuka kapu yomwe amwera! Anadzitukwana, anawatukwana, anapempha Mulungu kuti amukhululukire, n'kuyambiranso kuwatukwana.

Poweruka 6 koloko anapeza kuti foni yaitana maulendo khumi ndi anayi. Analibe mtima woimbanso. Atatsika basi anathamanga, mayi wamkulu ndithu, chikwama chikumumenya m'nthiti.

Chitseko chinali chosakhoma. Pabalaza panalibe munthu. Makapu anali pomwe anawasiya, tiyi ataumira pansi, nyenyeswa mbwee pa sofa.

"Ndinadziwa ine! Anthu opanda manyazi!"

Anakankha chitseko cha kuchipinda. A Telala anali m'tulo, atagonera kumanzere, pilo ali pakati pa mawondo. Anawavekadi malaya ena, mabatani ataphonyana. Nsalu ya pabedi inali ina. Mzime anaika dzanja pachifuwa pawo n'kumva chikukwera ndi kutsika, kenako anakhala pamphepete pa bedi. Apo m'pamene anamva madzi akukhavuka kubafa.

Anali a Ndime. Jekete ili pa chitseko, tayi ikulendewera m'thumba la buluku, iwo atagwada pa simenti akulimbana ndi nsalu ya pabedi m'beseni. Sopo anathira wa sabata yathunthu, thovu mpaka m'zigongono. Nkhope inali yokwiya kwabasi.

"Mwatichita chipongwe, mlongo."

"Eya, ndakuchitani. Anzanu ali kuti?"

"Amake Mapasa anatsala mpaka 2 koloko, ndi amene anawamwetsa supu. Enawo anakumbukira mmodzimmodzi kuti ali ndi zochita." Anafinya nsaluyo molakwika, madzi n'kuwathira pamaondo. "Bambo anu anadziipitsira kawiri. Kawiri! Ndakuimbirani mpaka foni kutentha. Bwanji simunanene kuti zinthu zili chonchi?"

Mzime anatsegula pakamwa. Mawu anabwera ambiri nthawi imodzi, ena osayenera kuuza mkulu wa mpingo, mwakuti anangoseka kuseka kowawa.

"A Mkulu, mukufuna ndiyambire pati?"

A Ndime anayang'ana m'besenimo, ndipo atayankhula mawu awo anali atatsika, opanda vesi.

"Bambo anga anagona chonchi miyezi isanu ndi itatu. Ankawasamala ndi mlongo wanga. Ine ndinkapita Lamulungu masana ndi malalanje, kupemphera, n'kubwerako. Pamaliro anthu anandiyamikira kuti ndinali mwana wokhulupirika." Anapukuta mphuno ndi phewa. "Lero powanyamula bambo anuwa msana unangotsala pang'ono kuthyoka, ine mwamuna. Mlongo wangayo ndi wochepa thupi kuposa inu. Sindinamufunsepo kuti ankawanyamula bwanji yekha."

Mzime ankafuna kupitiriza kukwiya. Anali ndi ufulu wonse, miyezi itatu ya buledi ndi nyenyeswa. Koma kukwiyira munthu wogwada m'thovu la sopo wako n'kovuta, ndipo zimenezo zinamukwiyitsanso.

"Lolemba mumalowa nthawi yanji?" anafunsa a Ndime.

"Seveni m'mawa."

"Ndifika hafu faifi. Za masiku enawo ndikawagwira pakhosi anzangawo mmodzimmodzi, osati pamsonkhano." Anadzuka movutikira, atagwira m'chiuno. "Koma mundionetse kamangidwe ka thewera lija. Ndikukayika ngati ndamanga bwino."

Analowa kuchipinda, Mzime n'kukweza bulangete. Thewera linali chotembenuza, zomatira zili kumsana, ndipo linali litayamba kale kudontha. Mzime anausa moyo, n'kuvula jekete.

"Kasambeni m'manja, a Mkulu. Muime mbali iyo, mugwire phewa ndi chiuno. Ayi, osakoka mkono, umenewo ndi wakufawo."