Umboni wa Ambokile

Ambokile sanapite kuchipatala kukafuna mankhwala ayi, anapita kukafuna umboni. Anali atamva kuti kwabwera madokotala okhala ndi kachingwe konga phesi la mpunga, ka diso kumapeto, koona m'kati mwa munthu. Basi anatengana ndi amalume ake a Chakufwa kuti akakhale mboni.

Nkhani yake inali iyi. Mkulu wake, Golden, anamwalira chaka chatha akukodza magazi. Maliro asanazizire n'komwe, Ambokile analoza chala mlamu wake Tusekile kuti ndiye anamudyetsa kanthu mwamuna wakeyo. Anamulanda munda wa mpunga ku Hara n'kumupirikitsira kwawo ku Kaporo ndi ana awiri. Tsopano magazi aja anali atamuyambanso iye, ndipo wokayikira kuti ndi Tusekile yemweyo akanayenera kukangana naye mpaka mawa. Munthu uyu akagwira mfundo sankaitaya.

Dokotala, mayi wa ku Zomba dzina lake Yvonne, anamuthira mankhwala m'chikhodzodzo n'kumuuza kuti adikire ola limodzi. Anati mankhwalawo amamatirira pamalo odwala okha, ndipo akawalitsidwa ndi nyali ya buluu amayaka.

"Mwamva amalume? Chinthucho chiyaka chokha," anatero Ambokile, mtima uli m'malo.

Kachingwe katalowa, anakukuta mano koma maso sanawachotse pakanema. Poyamba panaoneka khoma lotuwa lokhala ndi timadontho tachikasu tonga mchenga. Kenaka dokotala anasintha nyali, zonse zinasanduka buluu, ndipo pakona panayaka chinthu chofiira, chotukuka ngati bowa.

Ambokile anaiwala ululu. Anachita mantha, komanso anakondwa.

"Ndi chimenecho, adokotala. Ndiuzeni anandidyetsa liti."

"Ndani?"

"Mlamu wanga."

"Bambo, ichi ndi chotupa, ndipo tiyenera kuchichotsa msanga n'kukachiyeza. Koma taonani mchengawu." Anabwezera nyali yoyera. "Awa ndi mazira a likodzo. Amachokera m'madzi amene mumaimamo polima. Ndiwo akhala akukanda khomali mpaka kubala chotupacho. Muli mwana simunkakodza magazi?"

Funso lake limenelo! Ku Hara mnyamata aliyense ankakodza magazi, ndipo akuluakulu ankangoti ndi kukula.

"Ine na Golden tonse, tili sitandade folo," anayankha, mawu atachepa.

"Ndiye mwakhala nazo zaka zoposa makumi atatu."

Ambokile anawerengera zaka mumtima. Tusekile anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Tsiku limene iye ndi Golden ankaseka pomwe ankafiiritsa madzi a mumgula wa kumunda, mtsikanayo anali asanabadwe.

Anakumbukira Tusekile atagwada pakhomo, kamwana kumsana, akulumbira kuti ankachapa nsanza za magazi za mwamuna wake miyezi isanu ndi itatu osadandaula. Koma Ambokile anamuponyera chikwama panja.

A Chakufwa anayang'anitsitsa kanemayo nthawi yaitali, kenaka anatola chipewa chawo.

"Unanditenga kuti ndikhale mboni, mphwanga," anatero mofatsa. "Ndaona. Mawa ndipita ku Kaporo kukanena zimene ndaona."