Paipi ya Utsi pa Ukwati wa Zuleica

Ukwati wa Zuleica utayandikira, mkulu wake Nasma anaima kumbuyo kwa pikapu ya mwamuna wake Lukmani atagwira m'chiuno. Kutsogolo inali bwino, poti Lukmani ankaisambitsa ngati khanda. Koma paipi ya utsi inali itafiira ndi dzimbiri, chifukwa pokweza usipa mwini wakeyo ankabwerera chammbuyo mpaka matayala kumira m'nyanja.

"Amake Alawi, ndani amayang'ana kumeneko?" anafunsa Lukmani.

"Akuchimuna. Mkwatibwi akwera muno, iwo azibwera pambuyo pathu kuchoka ku Metangula kuno mpaka ku Lichinga. Chitunda cha Maniamba mumakwera ngati kamba. Aziona chiyani, nkhope yanuyo?"

Nasma anali atamva kuti azakhali a mkwati ananena pa chinkhoswe kuti anthu akunyanja chilichonse chawo n'chadzimbiri. Sankafuna mng'ono wake akalowe m'banjamo atasenza mawu amenewo.

Lukmani anati ntchito yake ndi yochepa. Anatenga penti yobiriwira yotsala popaka boti, n'kupaka paipi yonse pamwamba pa dzimbiri pomwepo. Inakongoladi. Itauma analiza injini kuti akaonetse anzake kumsika. Sanafike ndi pa mtengo wa mango. Penti inatukusira matuza, utsi wonunkha kuti tolo, nkhuku mbwee kuthawa.

"Abambo ake Alawi, boti limayenda pamadzi, iyi imayenda pamoto," anatero Nasma akuseka mpaka kupukuta misozi. "Landirani mwanayu."

Paipi itazizira Nasma anayala thumba pansi n'kugona chagada. Anapala pentiyo ndi mpeni wakale wotumbulira nsomba. Kenaka mchenga wonyowa wa pagombe pa kansanza, kukwecha, kukwecha, dzimbiri likumugwera m'tsitsi. Pamene linakanirira anafinyirapo ndimu, n'kudikira, n'kubwereza ndi phulusa. Mikono inachita kulemera, koma chitsulo chinayamba kuoneka, chotuwa, chili ndi timaenje ngati nkhope ya munthu amene anadwala nthomba.

"Basi, yawala!" anatero Lukmani akuvinitsa Alawi.

"Mukaisiya chonchi, mawa mame aibwezera pomwe inali."

Anabweretsa mafuta ophikira. Chiwaya chatsopano cha mandasi ankachikonza choncho: mafuta pang'ono, moto, kupukuta, mafuta ena. Anapaka mopyapyala, n'kuuza mwamuna wake alize injini. Paipi inafuka, ana a pafupi n'kuthamangira poganiza kuti pali zokazinga. Ikazizira ankapakanso. Pofika masana a tsiku linalo inali bii, yosalala, ikunyezimira ngati msana wa kampango.

"Ndiye m'nyanja musalowenso mpaka ukwati udutse. Usipa muzisenza pamutu."

"Ine pamutu?"

"Mutu muli nawo. Penti ija inatuluka momwemo."

Tsiku lonyamula mkwatibwi, Zuleica anakhala kutsogolo atafunda nsalu yake, Nasma kumbuyo pamwamba pa katundu. Galimoto ya akuchimuna inali pafupi ndithu, moti Nasma ankaona azakhali aja akuloza chala.

Pa Maniamba anaima kuti athire madzi m'injini. Azakhaliwo anatsika, mayi wojintcha wa magalasi, n'kubwera molunjika kumbuyo kwa pikapu. Anawerama, kuyang'anitsitsa.

"Mwachita kugula yatsopano chifukwa cha ife?"

"Iyayi amayi, ndi yakale yomweyo. Ndinachita kukwecha."

"Inuyo? Ndi manja?"

Nasma anawaonetsa zikhadabo, zakuda mpaka tsikulo. Mayiwo anagwira dzanjalo, kulitembenuza uku ndi uku, n'kuseka.

"Nanga mng'ono wanuyo manja ake ndi omwewa?"

"Aja ndiye oposa."

Azakhali anagula chimanga chootcha pamsewu n'kupita nacho pawindo la mkwatibwi. "Idya mwanawe, ulendo ukadalipo."

Nasma anatsamira matilesi, n'kupatsa Alawi bere.