Chibwibwi cha Wailesi

Pakhonde la chipinda cha mayeso panali mipando yapulasitiki yondanda kukhoma, ndipo Wailesi anakhala pa wakumapeto, chiphaso chake chili m'manja. Onse pamzerepo ankayeserera Chingerezi chamumtima, milomo ikugwedera ngati anthu opemphera. Mtsikana amene anakhala pambali pake anamugunda ndi chigongono.

"Achimwene, n'koyamba?"

Wailesi anapukusa mutu.

"Ine maulendo anga kuno ndinasiya n'kuwawerenga komwe," anatero mtsikanayo akuseka. "Alonda a pageti paja akumandipatsa moni ngati wantchito mnzawo."

Wailesi anangomwetulira. Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake a mu labu ya chipatala, mmene ankayeza magazi, chifukwa tsiku linkatha osamva mawu ake. Akangolowa m'mawa, wina ankakuwa kuti, "Tsitsani voliyumu, a Wailesi, odwala akugona!" Onse ankayesa kuti n'kufatsa. Zoona zake zinali zakuti anali ndi chibwibwi chiyambire ubwana, ndipo anakula akuchibisa. Ankayankha mwachidule, liwu likafuna kumata ankalizemba n'kutola lina, ndipo foni ankalembapo uthenga m'malo moimba.

Bungwe lina lakunja linamusankha, litaona mapepala ake ndi zimene analemba, kuti akaphunzire za matenda a magazi ku yunivesite ya kutali. Sikolashipiyo inali yolipira zonse, ndege ndi pogona pomwe. Chinatsala chinali mayeso a Chingerezi basi. Ulendo woyamba, kuwerenga, kulemba ndi kumvetsera anakhoza mopitirira. Gawo la kulankhula ndi limene linamugwetsa. Bungwelo linamupatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti abwereze.

Mkazi wake, yemwe anali telala, ndi amene anaona pofufuza pafoni kuti munthu wovutika kulankhula amaloledwa kubweretsa kalata ya dokotala, ndipo amamuwonjezera nthawi.

"Abambo, madokotala mumakhala nawo tsiku lililonse. Mmodzi akulembereni."

"Si-sindine wodwala."

"Wanena kuti ndinu wodwala ndani? Ine ndinakwatiwa nanu ndikudziwa. Tsiku munandifunsira lija ndinatsala pang'ono kuvomera musanamalize, miyendo itatopa n'kuima."

Wailesi sanaseke.

"Kalata ikalembedwa pa-pachipatala paja, mawa lake aliyense adziwa."

"Adziwe kumene! Ndege akakwere ndi iwowo?"

Anakanitsitsa. M'malo mwake ankayeserera awiriwiri madzulo aliwonse, mkaziyo akupalasa makina osokera uku akumufunsa mafunso, ndipo pamaso pa mkazi wake mawu ankatuluka bwinobwino. Wailesi anadzilimbitsa mtima kuti ulendo woyamba uja anali mantha chabe.

Chitseko cha chipinda cha mayeso chija chinatseguka, anamuitana.

Woyesayo anali mayi wachikulire wa magalasi, wa nkhope yabwino. Patebulo panali kamakina kojambula mawu ndi wotchi yaing'ono. Mafunso oyambirira anayenda: dzina, ntchito, zimene amakonda kuchita akaweruka. Wailesi anayankha mwachidule monga mwa chizolowezi, mtima n'kuyamba kukhala pansi. Kenako mayiyo anamupatsa kapepala kolembedwa mutu wa nkhani, n'kumuuza kuti alankhule yekha osaima mpaka atamuletsa. Mutuwo unali wosavuta: afotokoze za ulendo umene sadzauiwala.

Chiganizo choyamba chinali chokonzeka m'mutu mwake, chosalala, cha Chingerezi chabwino. Anatsegula pakamwa, liwu loyamba n'kumata pamilomo. Analikankha, linakana. Anayesa kulizemba n'kutola lina, nalonso linakakamira pakhosi. Nsagwada zinauma gwa, diso lamanzere linayamba kuphethira lokha monga linkachitira ali kupulayimale, aphunzitsi akamuimiritsa kuti awerenge. Ankamva mpweya wake ukutuluka m'mphuno. Mayi uja anaweramitsa maso papepala lake pofuna kumuchotsa manyazi, ndipo chifundo chimenecho chinamumanga koposa. Pamene mawu anamasuka, anatuluka othithikana, othamanga, ena oduka pakati. Asanafike ndi pakati pa nkhani, mayiyo anakweza dzanja n'kumuthokoza.

Potuluka, malaya anali atamata kumsana. Mtsikana wa pamzere uja anamufunsa ndi maso, iye anangodutsa.

Zotsatira zinafika pafoni patapita masiku, katundu wa m'nyumba ali kale m'makatoni. Kuntchito anali atatsanzika, pakuti mkulu wa labu anamuuza kuti tchuthi cha maphunziro sichiperekedwa kwa anthu a kontirakiti. Mwini nyumba anali atauzidwa kuti akutuluka, chifukwa anapangana kuti mkazi ndi mwana azikakhala kwa makolo a mkaziyo mpaka iye atabwerako. Wailesi anayang'ana foniyo nthawi yaitali, kenako anaipereka kwa mkazi wake. Zigawo zitatu zija anakhozanso kuposa poyamba. Kulankhula kunatsika.

Mkaziyo anaika foni pakatoni n'kubwerera pamakina.

"Nenani," anatero Wailesi.

"Ndinene chiyani?"

"Kuti mu-munandiuza."

"Ndikayamba kunena ndilira, ndipo diresi ili ndi la eni ake." Analuma ulusi ndi mano. "Pitani mukawauze zoona. Mwina amva."

M'mawa mwake anapita ku ofesi ya bungwe lija. Anamulandira ndi mnyamata wa tayi, waulemu wake, koma wa changu. Wailesi akayamba chiganizo, mnyamatayo ankamumalizira.

"Ndabwera chifukwa cha zo-zo-zo..."

"Zotsatira? Taziona, bambo. Pepani kwambiri."

"Vuto si Chingerezi. Ndili ndi chi-chi..."

Apa mnyamatayo sanamumalizire, ndipo Wailesi anayenera kulimaliza yekha liwulo. Aka kanali koyamba kulitchula kwa munthu wachilendo. Linatuluka movutika, zidutswazidutswa.

Mnyamatayo anatsamira kumpando n'kupumira m'mwamba.

"Bambo, bwanji simunanene? Mukanabwera ndi kalata ya dokotala musanalembe, oyesa akanakukonzerani mwapadera, ifenso tikanalankhula ndi a yunivesite. Timachita zimenezi chaka chilichonse. Pano tsiku lomaliza ladutsa, ndipo malo anu apita kwa amene amakutsatirani. Wauzidwa dzulo."

"Cha-chaka cha mawa?"

Mnyamatayo anayang'ana pakompyuta, n'kukanda chibwano.

"Chaka cha mawa mudzakhala mutapyola zaka zimene timalola. Ndikanakhala ndi mphamvu, bambo..."

Anamuperekeza mpaka pakhomo, ndipo asanatseke chitseko anali ataitana kale wotsatira.

Kuchokera kumeneko Wailesi anadzera kuchipatala. Mu labu, pampando wake panakhala mayi wachilendo, maso ali pa maikulosikopu. Kapu yake ya tiyi inali itasanduka moikamo zolembera. Anzake anamuzungulira mwachisangalalo.

"Azungu afika! Simunanyamuke? Kapena ndege yatha mafuta?"

Ataona nkhope yake, aliyense anabwerera mwakachetechete pa ntchito yake. Mkulu wa labu anamutengera mu ofesi n'kumvetsera mpaka pamapeto, manja atapinda.

"Malo anu tinalembapo munthu, mwamuona nokha. Ndimuchotse bwanji? Pakapezeka mpata ndikudziwitsani, koma musakhale mukudikira ine."

Kutha kwa mwezi umenewo, lole inanyamula katundu wawo kupita kwa apongozi monga anapanganirana, kungoti Wailesi nayenso anakwera. Anawapatsa kachipinda kakuseri kosungiramo zinthu zakale. Bedi, makina osokera ndi makatoni zinadzaza mpaka pachitseko, mwana n'kumagona ndi agogo ake aakazi. Sutikesi yatsopano imene anagulira ulendo anaikankhira kunsi kwa bedi, pulasitiki yake isanachotsedwe.

Apongozi aamuna anali bambo wopuma pantchito, amene anayendetsa mabasi moyo wawo wonse, munthu wokonda kutamandidwa. Miyezi yonseyo anali atauza aliyense, wometa tsitsi ndi wowerenga mita ya madzi omwe, kuti mkamwini wawo akupita kunja. Tsiku lofikalo anamuitanira pambali.

"Mkamwini, zachitikazi zachitika. Koma ine m'dera muno ndili ndi nkhope. Anthu akafunsa tiziti ulendo ausuntha, mapepala akuchedwa. Inuyo musamaonekeoneke kumaso kuno masana. Mukafuna kutuluka, kuseri kuli kageti."

"Mpaka liti, ba-bambo?"

"Mpaka aiwale."

Wailesi anamvera. Masabata anadutsa akukhala m'kachipindako, akuthandiza mkazi wake kusita zosoka ndi kusomeka mabatani. Alendo akabwera ankakhala duu, kumamva kudzera pakhoma apongozi akufotokoza za kuchedwa kwa mapepala, ndipo nkhaniyo inkakula tsiku ndi tsiku. Anaonda. Mkazi wake anasiya zomuseka zija, ndipo nthawi zina Wailesi ankamupeza ataimitsa makina, akungoyang'ana khoma.

Tsiku lina masana kunabwera anzawo a apongozi, madalaivala akale, n'kukhala pakhonde lakumaso. Wailesi anali kumpopi wa pambali pa nyumba, akutunga madzi, poganiza kuti sakuoneka. Mmodzi wa iwo, bambo wadazi wa mawu aakulu, anasuzumira.

"Aa! Si mkamwini uyu? Mwabwerako kale? Bwerani kuno, tiuzeni za kuzizira kwa kumeneko!"

Apongozi anadzuka msangamsanga.

"Ayi, ayi, sananyamuke. Anthu aja asunthanso tsiku. Mukudziwa za maofesi akunja, chidindo chimodzi mwezi wathunthu."

Wailesi anatseka mpopi. Anaika ndowa pansi, napukuta manja pathalauza, n'kukaima patsogolo pa khonde.

"Si-si-si..."

"Sitikudziwa tsiku lenileni, ndi zimene akunena," anatero apongozi, akumuthira diso.

Wailesi anakweza dzanja kuti amudikire. Diso lake linkaphethira, khosi litatupa mitsempha, koma sanazembe liwu ndi limodzi lomwe. Madalaivala aja anayang'ana pansi, wina n'kumatembenuza chipewa m'manja. Anawadikiritsa mpaka anamaliza.

"Si-sindikupita. Ndinalephera mayeso a ku-kulankhula. Ndili ndi chi-chi-chibwibwi, ndipo ndinachibisa. Malo anga anapatsa wina."

Bambo wadazi uja anatsokomola.

"Pepani, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Sitimadziwa."

Apongozi analowa m'nyumba osatsanzika alendo awo, chitseko n'kuchimenyetsa. Wailesi anatola ndowa yake. Pakona ya nyumba anapeza mkazi wake ataima, tepi yoyezera zovala ili m'khosi, maso ali ofiira. Anangogwira mbali ina ya chogwirira ndowa, n'kunyamulira limodzi mpaka kuseri.

Apongozi sanamulankhule mlungu wonse, ndipo pachakudya ankadikira kuti iye achoke kaye. M'mawa wa Lolemba Wailesi anasita malaya, naika mapepala ake m'khwapa, n'kutulukira pageti lakumaso kupita kukafunsa ntchito m'zipatala zing'onozing'ono za m'tauni.