Kachitsulo ka a Borghild

A Torleif, aneba anga, anafika m'mawa wa Lachisanu, kamera ya malemu akazi awo ili m'manja. Anakana khofi, ndiye ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino.

Mwana aliyense wa m'banja mwawo akalandira ulimbitso, a Borghild, akazi awowo, ankamujambula pakhomo pa tchalitchi ndi kamera yonga bokosi imeneyi. Zithunzizo zandandalikidwa pakhoma kunyumba kwawo. Lamlungu likubweralo linali la mdzukulu womaliza, Ingunn, koma a Borghild tinawaika chaka chatha.

"Filimu yake anasiya kupanga kalekale," anatero a Torleif. "Ndiperekezeni kwa Oddvar, mwina inu akakumverani."

Oddvar, wojambula zithunzi wa m'tauni mwathu, anatsegula kamerayo n'kuseka.

"Madala, iyi ndi yakale kuposa mano anu. Filimu ya masiku ano imabwera pa kachitsulo konenepa, sikalowa umu. Nditha kuikulunganso mumdima pa kachitsulo kakale kowonda, koma timafunika tiwiri, kotulutsa filimu ndi kolandira. Muno muli kamodzi."

"Iwe, ndinakunyamula pa ubatizo wako, unandikodzera jekete. Lero ukulephera kachitsulo?" anatero a Torleif.

"Lamlungu lisanafike? Ayi bambo. Jambulani ndi foni ngati anthu onse."

"Ingunn wapempha kamera ya agogo ake," a Torleif anayankha chapansipansi.

Ndinakatembenuza kachitsuloko m'manja. Ndinali nditakaonapo kotere. Tsiku lina batani la khoti langa litathothoka kutchalitchi, a Borghild anapisa m'chikwama n'kundipatsa ulusi wakuda. "Sungani, Gunvor, ndili nawo wambiri." Sindinafunsepo kuti chomwe anakulungapo ulusiwo chinali chiyani.

A Torleif sindinawauze kanthu, kuopa kuwalonjeza chomwe sindinachione. Ndinapita kunyumba ndikupemphera chamumtima. Kachitsulo kowonda kaja kanali pansi m'bokosi langa losokera, ulusi udakali wokulungidwa pomwepo.

Oddvar anakalandira ndi manja awiri. Polowa m'kachipinda kake kamdima anakuwa, "Musatsegule chitsekochi madala, ngakhale nyumba ipse!"

Lamlungu mvula inakata tikutuluka m'mapemphero. Ingunn anaima pakhomo paja. A Torleif anagwira kamera pamimba, nawerama kuyang'ana m'kagalasi kake ngati munthu woyamika Mulungu, n'kudina.

Chithunzi chili pakhoma tsopano, chopendekeka pang'ono. Ulusi uja Oddvar anandibwezera, ataukulunga bwinobwino pa pensulo.