Maminitsi a Msonkhano wa Mawa

Kalata yochokera ku unduna inati maphunziro a unzika awonjezeredwe nthawi, kuti ana aphunzire kulankhula mopanda mantha. Zabwino ndithu. Koma sabata ya sukulu ili ndi masiku asanu basi, ndiye mapiriyodi atsopanowo ankayenera kulandidwa kwa munthu wina. Munthuyo anali mayi wophunzitsa kuimba, amene sukulu yonse inkangowatchula kuti Anyimbo.

Anyimbo ankadziwa mathero ake. Mphunzitsi wotsala ndi mapiriyodi anayi samusunga, amamuponya kusukulu yakutali. Nanga mayi awo ofa ziwalo, amene ankawasambitsa m'mawa uliwonse asananyamuke, akanapita nawo bwanji?

"Musade nkhawa, mayi," anatero ahedi. "Mawa tivota. Pano ndi pa demokalase."

Masana a tsiku lomwelo Anyimbo analowa mu ofesi kukapempha choko. Mlembi anali atatuluka, ndipo patebulo pake panali mapepala otayipa bwino, chidindo chili phaa: maminitsi a msonkhano wa mawa. Anawerenga ali chiimire. M'maminitsimo, ahedi anali atalankhula kale mwanzeru. Aphunzitsi a masamu anali atafunsa kale funso. Ovomereza khumi ndi anayi, wokana mmodzi. Mawu a Anyimbo nawonso analimo: "Mphunzitsi wa nyimbo anadandaula mwaulemu, ndipo onse anamumvetsera." Mwaulemu ati! Mtima unawapweteka moti za choko anaiwala.

Kutacha, m'chipinda cha aphunzitsi, ahedi analalikira theka la ola za ufulu wa nzika, ena akuwodzera, ena akuchonga makope pansi pa tebulo. A masamu anafunsa funso lawo lija osaphonya ngakhale liwu. Kenako ahedi anati ovomereza akweze manja.

Manja khumi ndi anayi anakwera mwaulesi, eni ake maso ali pansi. Anyimbo nawo anakweza lawo, m'mwamba ngati mwana wopempha kupita panja. Ahedi anawerenga kawiri.

"Mayi, mwina simunamve. Awa ndi ovomereza kuti mapiriyodi anu achotsedwe."

"Ndamva, bwana. Ndavomera."

"Koma muli ndi ufulu wokana."

"Lero sindikuufuna."

Ahedi anapukuta thukuta ndi tayi. "Taonani, mayi. Akuluakulu akaona kuti palibe wokana, akanena kuti pano timaopseza anthu. Kanani, chonde."

Anyimbo anangopinda manja.

"Ndikukulamulani monga hedi wa sukulu ino kuti mukane."

Ahedi anamwaza maso kufuna wina woti akane m'malo mwa Anyimbo, koma ndani angafune kuti dzina lake lilembedwe kumeneko? Aliyense anapeza chochita ndi zikhadabo zake. Kwa kamphindi Anyimbo anamva kukoma, mpaka anayamba kuganiza kuti mwina nkhaniyi ikambidwanso.

Apo mlembi, amene msonkhano wonse sanalembe kanthu, anadzutsa mutu.

"Bwana, musadzivutitse. Maminitsi ndinatumiza dzulo lomwe."

Ahedi anapumira m'mwamba, nkhope n'kuwala. Anathokoza mphunzitsi wa nyimbo chifukwa cholimba mtima kukana poyera, nati ana akauzidwe m'makalasi kuti nzika yeniyeni imatero. Anapempha onse awaombere m'manja, ndipo onse anaomba.

Anyimbo anangoyang'ana pawindo, akuganiza kuti mayi awo adzawakweza bwanji mu lole yosamukira.